Chiwongolero Chamabowo Awiri

Phewa ndi limene linawapereka a Kaputeni. Zaka makumi atatu ndi ziwiri akuwolotsa anthu pamtsinje ndi kaboti kawo, atakhala kumbuyo pathabwa lawo, dzanja lamanzere lili pamkono wa injini, panalibe anawauzapo kuti atopa. Koma tsiku lina m'mawa analephera kuvala juzi. Mkono unafika pakhutu n'kukana kupitirira, iwo n'kuima pakati pa chipinda mutu uli m'juzimo ngati tambala wa m'thumba. Mayi a kunyumba anawathandiza osanena kanthu. Kusanena kanthu kwa mayiwo a Kaputeni ankakudziwa bwino. Kunkatanthauza kuti nkhaniyo ikanenedwa kwina, pafoni.

Lamlungu lake Nesi anatulukira. Nesi anali mwana wawo mmodzi yekhayo, ndipo dzina lake lenileni linatha ntchito tsiku limene anavala yunifolomu. Ngakhale bambo ake omubereka ankamuitana choncho, mwina chifukwa akalowa m'nyumba aliyense ankayamba kudzimva wodwala. Anabwera ndi mwamuna wake, mkamwini wa a Kaputeni, munthu wamtali wosalankhulalankhula amene anayendetsa mathiraki zaka khumi ndi zisanu. Miyezi inayi m'mbuyomo Nesi anali atamutsitsa m'thiraki. Anati watopa ndi mwamuna wa pafoni, wobwera kamodzi pamwezi ngati bilu ya madzi. Chitsikireni, Dalaivalayo ankangokhala pakhonde kukonza wailesi yosawonongeka, khosi n'kumatembenuka lokha galimoto yaikulu ikamadutsa.

Nesi anatsina phewa la bambo ake ndi zala ziwiri, a Kaputeni n'kudzuka pampando osafuna. Anawauza kuti dzanja la munthu silinalengedwe kuti lizinjenjemera ndi injini tsiku lonse, ndiye botilo liikidwe chiwongolero chozungulira ngati cha galimoto, chokhala pakati, champando wake wotsamira. Zimenezo a Kaputeni akanazimeza. Chowatsamwa chinabwera pambuyo, tiyi atathiridwa kale.

"Chikaikidwa, bambo, muzipumako," anatero Nesi, akuloza mwamuna wake. "Awa angokhala. Ndinawauza kalekale kuti azikuthandizani, akuti mkono wa injini saudziwa, amadziwa chiwongolero basi. Ndiye chiwongolerocho chibwere."

A Kaputeni anayang'ana mkamwini wawo. Mkamwiniyo ankayang'ana m'kapu. Eya, anatero a Kaputeni mumtima, mphaka wozembera mpando wanga ndi ameneyu. Munthu wofatsa sapempha chinthu, amangotchula chimene chikusowa kuti achitenge. Mawu oti "muzipumako" nawonso ankawadziwa. Mnzawo wina wa pachigayo anauzidwa ndi ana ake kuti azipumako, lero ntchito yake n'kuingitsa nkhuku pakhonde ndi kufunsa odutsa kuti nthawi ili bwanji. Chiwongolero chikangolowa m'botimo, thabwa lawo lapita, ndipo sadzalikhalanso.

Lachitatu onse atatu anapita kwa Sipanala, makaniko wa injini za maboti. Shedi yake inali kuseri kwa doko, yamalata otentha, injini zitapachikidwa pamtanda mondondozana ngati malaya pachingwe, pakona pali mgolo wa madzi akuda woyeseramo zimene wakonza. Sipanala ndi a Kaputeni anadziwana tsitsi lawo likadali lakuda, ndipo moni wawo unali wonyozana. Tsikulo, poona yunifolomu, Sipanala anapukuta manja ndi nsanza yakuda kuposa manjawo n'kuyamba kulankhula ngati munthu wa pawailesi.

A Kaputeni anapita ndi cholinga chimodzi, kupeza chilema pa chilichonse.

Sipanala anayamba ndi chophweka. Anati mkono wa injini womwewo akhoza kuutalikitsa, n'kuuveka labala wofewa womwa kunjenjemera, phewa n'kupumako ndithu. A Kaputeni anati amenewo ndiye mawu anzeru, sanamvepo Sipanala akulankhula zomveka chotero. Nesi sanachiyang'ane n'komwe chinthucho. Anafunsa kuti zozungulira zili kuti.

Zozungulira zinali ziwiri. Choyamba chinali cha mafuta, chamapaipi awiri oyenda kuchokera kuchiwongolero kukafika kuinjini, chofewa moti munthu akhoza kukhotetsa boti ndi chala chimodzi kwinaku akumwa tiyi. Maso a Nesi anawala. A Kaputeni anati chinthu chomvera chala chimodzi chidzamveranso mphepo ndi chigongono cha wokwera aliyense. Anafunsa kuti paipi ikadontha pakati pa mtsinje zimatha bwanji. Sipanala, amene bodza ankalisungira zinthu zikuluzikulu, anavomera kuti mafuta akatha chiwongolerocho chimangozungulira chabe, boti likupita kumene lafuna. Anawonjeza kuti chimenecho n'cha injini zazikulu. Kuchiika pakainjini ka a Kaputeni kunali ngati kuveka khanda jekete la agogo ake.

Chachiwiri chinali cha kebulo, chingwe chimodzi chachitsulo choyenda m'chikopa chake, chokankha ndi kukoka injini. A Kaputeni anati chidzachita dzimbiri. Sipanala anati girisi alipo. Anati chidzaduka. Sipanala anati chidzaduka iwo ataiwalika kale. Anati chidzatenga malo a anthu awiri m'boti. Nesi anati anthu awiriwo adzadikira ulendo wachiwiri, sanafe. Zilema zinayamba kuwathera. Dalaivala, amene akanayenera kukhala patsogolo pa zonsezi, anali panja akuonerera lole ikutsitsa matumba a simenti, nkhope yake ngati ya munthu woona chibwenzi chakale chikukwatiwa.

Sipanala ananyamula kabokosi kachitsulo kamene chiwongolero chimakhalapo, n'kukatembenuza.

"Vuto lake n'limodzi, ndipo ndi la woika, osati la chitsulo. Mwaona mabowo awiriwa? Kebulo imalowa ili. Ukasokoneza n'kuilowetsa linali, zonse zimagwira bwinobwino, kungoti ukakhotetsa kumanja boti limapita kumanzere. Ndinachitapo kamodzi, paboti la abusa ena. Anakalowa nalo m'dimba la mwini wake nyimbo ili pakamwa."

Nesi sanaseke. A Kaputeni nawonso sanaseke. Anatenga kabokosiko n'kukayang'anitsitsa, bowo ili, bowo linali, ngati munthu wosankha mwana wa mbuzi. Kenaka anapumira m'mwamba n'kunena kuti munthu ukakula umafunika kumvera ana ndi akatswiri, ndipo ngati Sipanala akuti cha kebulo, chikhale cha kebulo. Nesi anawayang'ana kanthawi ndithu, chifukwa bambo ake anali asanagonjepo msanga chotero chibadwire chake. Koma wopambana safunsa zambiri. Anagwirizana kuti Sipanala aike Lolemba, a Kaputeni achizolowere masiku angapo, Loweruka lake Dalaivala adzayese onse akuona.

Mawa lake a Kaputeni anabwerera kushediko okha. Anapeza Sipanala ataweramira mumgolo.

"Bowo lija," anatero.

"Bowo liti?"

"La abusa."

Sipanala anaweramuka pang'onopang'ono. Anati iye ndi makaniko, si mfiti, ndipo sangaike chinthu chopha anthu. A Kaputeni anali atakonzeka. Anamufunsa kuti mkono wa injini ukaukankhira kumanzere boti limapita kuti. Kumanja, anatero Sipanala. Nanga dzanja limene lachita zimenezo zaka makumi atatu ndi ziwiri, tsiku limene chipika chidzatulukire mwadzidzidzi patsogolo, m'boti muli amayi ndi makanda, lidzayamba lafunsa kaye mutu? Lidzapita kumene likudziwa. Ndiye chopha anthu n'chiti, chiwongolero chomvera dzanja kapena chotsutsana nalo?

Sipanala anakanda m'ndevu. Choipa chake chinali chakuti mfundoyo inali yoona. Anafunsa kuti nanga mkamwini wawo bwanji.

"Adalaivala ndi katswiri. Amadziwa chiwongolero basi. Anena okha."

"Inu a Kaputeni, kumwamba mukalowera pawindo."

"Boti lidzakhala lopanda anthu, tidzayenda pang'onopang'ono, m'mbali monse ndi matope ndi bango. Chimene chingavulale ndi ulemu basi."

Anamvana kuti Loweruka likangodutsa, Sipanala adzajambula mivi iwiri yofiira pamwamba pa chiwongolerocho, kuti wina aliyense wochigwira adziwe kuti mutu wa mwini wake unakhota. Pa zimenezo sanalole kukambirana.

Lolemba chiwongolero chinaikidwa, chakuda, chonyezimira, pakabokosi kamatabwa pakati pa boti, kebulo itabisika bwino m'mbali mwake. A Kaputeni anachigwira pamwamba ndi dzanja limodzi monga ankagwirira mkono uja, n'kukankhira kumanzere. Boti linakhotera kumanja mwaulemu. Anaseka okha pakati pa madzi. Pofika Lachinayi ankafika padoko osagunda ngakhale tayala limodzi mwa matayala akale omangidwa m'mbali mwake, ndipo okwera ankati mkuluyu anabadwa nacho chiwongolero. Chimodzi chokha chinkawanyansa. Mpando wotsamirawo unali wabwino kwambiri, ndipo phewa linayamba kugona tulo. Zimenezo sanauze munthu.

Loweruka m'mawa kunacha bwino, madzi ali phee. Nesi anaima padoko manja ali m'chiuno, mayi ake atakhala pabenchi ndi ambulera. Sipanala anapeza chifukwa chodzakonzera kanthu pafupi pomwepo. Dalaivala anabwera atavala jekete yoyandamitsa, atamanga malamba onse mpaka jeketeyo inamukwera m'makutu. A Kaputeni anati mumtima, taonani, wayamba kale kuvala zaukaputeni.

Anatulutsa okha botilo padoko, n'kuliyendetsa mpaka pakati, pamene mtsinje umatambasuka usanagawike pachilumba cha bango. Anachepetsa moto. Anadzuka pampando mwaulemu wonse, n'kuupukuta ndi chipewa.

"Adalaivala, nayi thiraki yanu. Tiyeni kumanja, tizungulire chilumbachi."

Dalaivala anakhala, n'kugwira ndi manja awiri. Anakhotetsa kumanja. Boti linalowera kumanzere. A Kaputeni anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mbalame, milomo ataikanikiza kuti isawapereke. Ankadikira zimene munthu aliyense amachita zikatero, kukhotetsanso kwambiri mbali yomweyo, boti n'kuyamba kuzungulira ngati galu wothamangitsa mchira wake.

Sizinachitike. Dalaivala anangoti "hmm," manja ake n'kubwerera okha. Boti linawongoka, linakhotera kumanja, n'kuyamba kuzungulira chilumbacho mosalala ngati likuyenda panjanji. Doko linabisika kuseri kwa bango.

Kuseri kwa chilumbacho kunali chipilala cha mlatho umene sunamalizidwe, ndipo pakati pa chipilalacho ndi mchenga panali kampata kopapatiza kamene a Kaputeni ankadutsapo akayamba apemphera. Asananene kuti apatuke, boti linali litalowamo kale n'kutulukira mbali inayo osakhudza kanthu. Kenaka, ngati kuti zimenezo sizinakwane, Dalaivala anafunsa kuti giya yobwerera m'mbuyo ili pati, n'kulibweza botilo chambuyo pakampata komweko, khosi atapotolera kumbuyo, dzanja limodzi lili pachiwongolero. Anaika giya pakati. Injini inatsala ikung'ung'udza yokha.

A Kaputeni anakanda m'mutu. Dzenje anakumba okha, ndipo munthu amene ankafuna kumugwetseramo analidumpha kawiri, kupita ndi kubwerera. Anayang'ana thabwa lawo lakale kumbuyo kuja, losalala chifukwa cha zaka zonse zimene analikhalira. Anaona khonde. Anaona nkhuku.

"Bambo, ndifunse mwaulemu," anatero Dalaivala. "Anaika chiwongolerochi ndi a Sipanala?"

"Ndi iyeyo."

"Chikuyenda ngati thirela pobwerera m'mbuyo. Ukafuna kuti matako apite uku, umakhotetsa uko. Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikulowetsa thirela m'mageti oti njinga ikhoza kukana."

A Kaputeni anatsegula pakamwa kuti amunamizire Sipanala, kuti ukalamba wamulowa m'maso. Koma atamuyang'ana bwino mkamwini wawoyo, anaona zimene sanaone padoko. Munthuyo sanali kunyada. Thukuta linkatsika m'khosi kulowa m'jekete, ndipo maso ake ankayang'ana chilichonse kupatula madzi.

"Pansi apa m'pakuya bwanji, bambo?"

"Anthu atatu oimirirana pamapewa."

Dalaivala anatsinzina. Zotsalazo zinatuluka pang'onopang'ono, ngati mafuta a m'botolo lothera. Kusambira sankadziwa. Madzi opitirira m'mawondo sankagwirizana nawo chiyambire ubwana. Pamilatho yonse imene anawolokapo ndi thiraki ankayang'ana kutsogolo kokha, akuimba nyimbo mokweza. Sabata yonseyo sanadye bwino poganiza za Loweruka. A Kaputeni anamufunsa kuti nanga chiwongolero ankachifuniranji.

"Ine? Ndinati mkono wa injini sindiudziwa poganiza kuti nkhani ithera pomwepo. Mwana wanu mukumudziwa, bambo. Ukamuuza kuti sungapite chifukwa ulibe nsapato, sakusiya kunyumba. Amakagula nsapato."

"Bwanji osangomuuza kuti madzi mumawaopa?"

"Angandipeze wondiphunzitsa kusambira."

A Kaputeni anavomera ndi mutu. Zinalidi choncho. Boti linkatengeka pang'onopang'ono, mbalame ina ikuwaseka m'bangomo. Mkamwiniyo anawauza kuti abwana ake akale anamuimbira foni kawiri, pali thiraki ya ulendo waufupi, yobwera kunyumba Lachisanu lililonse. Koma Nesi anati za mathiraki zidzakambidwa za boti zikakanika. Mkamwiniyo ananena zimenezi akuyang'ana chiwongolero. Kenaka anakweza maso, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatireni mwana wawo, anawayang'ana a Kaputeni m'maso.

"Bango lofewa, loonekera bwino kudoko, lili mbali iti?"

A Kaputeni anamuyang'ana munthu ameneyu, amene zaka zisanu ndi zitatu ankamuyesa mtengo wovala malaya. Analoza ndi chibwano. Kumunsi kwa doko, kupitirira pochapira, panali matope onona opanda mwala ngakhale umodzi, madzi ake ofika m'mawondo. Anamuuza kuti ayambe wazungulira kawiri pakati, anthu akhute, kenaka alowe ndi mphuno, moto wochepa, ndipo iwo adzadzutsa injini kuichotsa m'madzi propela isanakhudze pansi. Dalaivala anapempha chinthu chimodzi, kuti amukalipire kwambiri, mawu akafike padoko.

"Musade nkhawa ndi zimenezo," anatero a Kaputeni. Anavula nsapato zawo zachikopa, n'kuzimanga zingwe pamodzi, n'kuzikoleka m'khosi. Foni anaiika m'chipewa.

Anthu a padoko anaona boti likutuluka kuseri kwa chilumba likuyenda ngati munthu wochokera kumowa. Linalunjika kumanzere, linasintha maganizo, linazungulira kamodzi, linazunguliranso. Pakati pake panaima a Kaputeni, dzanja labwinolo likuvina m'mwamba.

"Kumanja, adalaivala! Kumanja kumene mumadyera! Kodi layisensi ija munaitola pamsewu?"

Amayi a pochapira anasiya zovala n'kuimirira. Boti linawalunjika, iwo n'kumwazikana ndi mabeseni, kenaka linawapatuka mwaluso lokayikitsa n'kukalowa m'bango, fwaa, mpaka theka. Abakha awiri anatulukamo akudandaula. A Kaputeni anali atadzutsa kale injini. Anatsikira m'matope n'kuyamba kulikankha botilo, pakamwa posatseka. Ananena za mathiraki onse amene anapulumuka mwa chisomo, za abusa a Sipanala amene tsopano apeza mnzawo, za agogo a Dalaivala amene mwina ankasochera popita kuchimbudzi. Apa mkamwiniyo, ali chigwirire m'mbali mwa boti ndi manja onse awiri, ananong'ona kuti za agogozo sanapangane. A Kaputeni ananong'onanso kuti zinangobwera zokha.

Atafika padoko, Nesi anali atasiya kugwira m'chiuno. Anamutsitsa mwamuna wake, n'kumugwira pamkono kuwerenga kugunda kwa mtima, ndipo zimene anapeza sizinali zachinyengo. Mantha ake anali enieni. A Kaputeni anapukusa mutu mwachisoni. Anati si mlandu wa munthu, madzi ndi msewu n'zosiyana, ena amabadwa nazo ena ayi, ndipo iwo ali okonzeka kumuphunzitsa ngakhale zaka khumi ngati bango la pamtsinjewo lingakwane. Sipanala anatsokomola n'kuweramira m'bokosi lake la zipangizo, mapewa akugwedezeka.

Nesi anayang'ana mwamuna wake, anayang'ana bambo ake, kenaka anayang'ana chiwongolero chija chikunyezimira padzuwa.

"Chinthu chozungulira chabe chingavute chotero? Galimoto ya kuntchito ndimayendetsa ine. Tandipatsani ndiyese."

"Mafuta atha," anatero a Kaputeni.

"Propela yapindika," anatero Dalaivala nthawi yomweyo.

Anayang'anana. Nesi anakweza nsidze imodzi, ndipo phazi lake linali kale pamphepete pa boti. A Kaputeni anayesa kuganiza bodza lachitatu loti ligwirizanitse awiri oyambawo, koma mutu unali mbee. Sipanala anatseka bokosi lake mwakachetechete n'kuyamba kuyang'ana njira ya kushedi.

Ambulera inatsekedwa, thapu. Mayi a kunyumba anadzuka pabenchi.

"Iwe, mwamuna wako milomo yayera, ukufuna kukasewera ndi boti? Pita naye kunyumba ukamupatse tiyi wa shuga wambiri. Munthuyu ndi wa pamsewu. M'bwezere kumsewu kwakeko asanatiphere bambo ako."

Padziko lonse panali munthu mmodzi yekha amene Nesi sankamuyankha. Anabweza phazi. Anamasula malamba a jekete ija mmodzimmodzi, akung'ung'udza kuti amuna onse ndi ana, n'kumutenga mwamuna wake pamkono. Akukwera kamtunda ka kudoko, Dalaivala sanacheuke, koma dzanja lake linatuluka kumbuyo n'kugwedeza zala ziwiri, monga amachitira madalaivala akamadutsana.

A Kaputeni anayamba kumanga boti pachikhomo akuimba kamluzu. Mayi aja anaima pambali pawo, akuyang'ana kutsidya.

"Bambo ake Nesi."

"Mayi."

"Ngozi yake yaulemu bwanji. Imayamba yakuuzani kuti muvule nsapato."

Kamluzu kanathera pakati. Nsapato zija zinali zikulendewerabe pachifuwa, zouma, zonyezimira polishi wa m'mawa. A Kaputeni anayesa kunena kuti mapazi anatentha, koma mayiwo anali asanamalize. Anati iwo zaka zonsezi akhala akuona manja a mwamuna wawo, ndipo sabata ino aona chiwongolero chikupita uku boti likupita uko, koma poti sanapite patali ndi sukulu mwina ndi mmene zimayendera. Akhoza kukamufunsa Nesi, iye ndi wophunzira. Kapena akhoza osamufunsa, ngati Lachiwiri m'mawa munthu wina angapezeke pamzere kuchipatala ndi phewa lake, n'kuchita zonse zimene amuuze kumeneko, kuphatikizapo zokoka malabala polimbitsa phewa, zimene iye amati n'zachibwana.

A Kaputeni anati Lachiwiri ndi tsiku la anthu ambiri. Mayiwo anatsegula ambulera n'kufunsa ngati foni ili m'chipewamo ili ndi mayunitsi. Anagwirizana Lachiwiri.

Patatha milungu itatu zinthu zinali zitakhazikika. Dalaivala anabwerera m'thiraki, ya ulendo waufupi ija, ndipo Nesi ankauza anzake kuti anamulola yekha chifukwa cha mtima wake wabwino. Sipanala anajambula mivi yake iwiri yofiira, yopingasana. Okwera akafunsa tanthauzo lake, a Kaputeni ankati n'zaukatswiri, sangazimve. Nesi akati abwera kudoko, pamiviyo pankakhala chipewa. M'mawa uliwonse ankakoka labala womangidwa kuchitseko kakhumi, mayi a kunyumba akuwerenga mokweza kuchokera kukhitchini, ndipo sankalola kudumpha nambala.

Mpando unali wawo. Palibe anatchulanso zopuma. Koma kanthu kena kankawadya. Pamtsinje wonsewo, munthu amene anadutsa chambuyo pakampata ka pachipilala anali mmodzi yekha, munthu woopa madzi a m'beseni, ndipo anachita zimenezo tsiku lake loyamba, ndi dzanja limodzi.

Lachisanu lina masana, okwera atachepa, a Kaputeni anazungulira okha kuseri kwa chilumba. Anayang'ana uku ndi uku. Kunalibe bwato, kunalibe munthu, msewu wa pamtunda kutsidyako unali zii. Anadutsa pakampatako chakutsogolo, bwinobwino. Anaika giya yobwerera, anapotola khosi monga anaonera, dzanja limodzi pachiwongolero. Boti linalowa theka, linaganiza kaye, kenaka linakhuza nthiti yake pachipilala, khwee, penti wobiriwira n'kutsala pasimenti utali wa mkono.

Anazimitsa injini kuti aone bala lake. M'chete momwemo, kuchokera pamsewu wa pamtunda uja, panamveka hutala ya thiraki. Inalira katatu, mosafulumira, mwaulemu wonse wa mkamwini.

A Kaputeni anadzuka n'kukunga chibakera kuloza kumtundako. Thirakiyo inali itapita kale pamene anazindikira kuti chibakeracho n'cha dzanja lamanzere, ndipo chili pamwamba penipeni pa mutu wawo.